Digiri ili m'sutikesi, malume akuti ndikaphunzire kuwotcherera

LovaWaDigiri:
Moni nonse. Pagulu pano ndimangowerenga n'kudutsa, koma lero ndabwera ndi yanga. Ndinamaliza digiri ya kayendetsedwe ka bizinesi zaka zitatu zapitazo. Makalata ofunsira ntchito ndinasiya kuwawerengera atakwana 60. Ku intaviyu ndaitanidwako kanayi, ndipo konseko nyimbo ndi imodzi: tikufuna munthu woti anaigwirapo kale. Nanga ndikanaigwirira kuti, poti aliyense akufuna wogwirapo kale?

Sabata yatha malume anga, amene ndi mmisiri wowotcherera zitsulo, anandipeza ndikudinadina foni dzuwa lili paliwombo. Anangoti, "Mphwanga, pepala lakolo siliwola, lisunge. Ubwere ku shedi ndikuphunzitse ntchito." Kunena zoona zinandilasa ngati munga. Mayi anga anadzimana zambiri kuti ine ndisadzavale ovolosi. Ndikawauza bwanji kuti mwana wawo wa digiri akupita kukapala dzimbiri? Komanso ndikaganiza bwino, bandulo imene ndikulembera uthenga uno agula ndi malume omwewo. Ndipite kapena ndidikirebe? Akuluakulu ndithandizeni nzeru.

MadalaAChitsulo:
Mwana wanga, bwerera uwerengenso pamene walemba za bandulo. Yankho wadzipatsa wekha. Mbewa ya manyazi inafera kuuna.

Koma ndisakunamize kuti ukangovala ovolosi ndalama ziyamba kugwa ngati mvula. Ine ndinalowa ntchito imeneyi ndili ndi zaka 19. Miyezi itatu yoyamba sanandilole n'komwe kugwira chopanira rodi, kachitsulo kamene kamasungunuka powotcherera. Yanga inali kudula zitsulo ndi sowo, kupala dzimbiri, ndi kugwirira abwana akamawotcherera, nkhope nditatembenuzira kumbali. Tsiku limene anandipatsa kuti ndiyese, rodi inangomatirira pachitsulo. Kukoka ikukana, makina akubuula ngati aphulika, ine thukuta kamukamu. Abwana anangoti, "Usakhome ngati msomali, khwekhweretsa ngati ukuyatsa machesi." Usiku wake sindinagone. Maso ankachita ngati wina wathiramo mchenga, misozi ili chuchuchu, chifukwa tsiku lonse ndinkasuzumira moto uja pambali pa galasi lakuda kuti ndione bwino. Ndinaphunzira tsiku limenelo kuti galasi silokongoletsa.

Zinanditengera pafupifupi chaka kuti dzanja likhazikike. Ukafika poidziwa, umamvera ndi khutu. Moto ukamalira mosadukiza ndiye kuti mtunda wa rodi uli bwino. Ukamaliza, makoko a pamwamba amasendeka pafupifupi okha, pansi pake n'kupeza mzere wosanjikizana ngati mamba a nsomba. Zimenezo palibe angakulembere pabolodi.

Wokayika:
Ndikupempha kuti ndisokoneze pang'ono, chifukwa nkhani zoterezi zimathera poombera m'manja basi. Madala, ulemu wanu, koma nyimbo ya "phunzirani ntchito zamanja" ine imanditopetsa. Imamveka ngati ulova ndi mlandu wa achinyamata, kuti ndi aulesi kapena onyada. Tiyerekeze kuti malova onse a mumzinda umodzi aphunzira kuwotcherera chaka chino. Mageti onsewo agula ndani? Geti amagula ndi munthu amene wamanga nyumba, ndipo nyumba amamanga ndi munthu amene ali ndi ndalama. Ngati mafakitale kulibe, malonda sakuyenda, magetsi akuzimazima, mmisiri amangokhala lova wokhala ndi zida.

Ndipo za khamazi. Kodi alipo amene amagwira ntchito molimbika kuposa munthu woswa miyala tsiku lonse? Bwanji salemera? Bungwe loona za ntchito padziko lonse la ILO linatulutsa lipoti mu 2018 losonyeza kuti anthu pafupifupi 2 biliyoni, kutanthauza 61 pa 100 alionse ogwira ntchito, ali pantchito zosalembetsa, zopanda kontirakiti, penshoni kapena chithandizo akavulala. Ku Africa chiwerengerocho chinali pafupifupi 86 pa 100 alionse. Anthu amenewa si aulesi. Akudzilemba okha ntchito kalekale, koma umphawi sukuwasiya.

MadalaAChitsulo:
Woswa miyala ali ndi mphamvu, koma aliyense wa mphamvu atha kumulanda ntchito mawa mmawa. Amene amadziwa kuwotcherera paipi yoti isadonthe ngakhale dontho limodzi, wolowa m'malo mwake sapezeka pamsewu. Musaphatikize ziwirizi, achimwene.

MayiSingano:
Achimwene a Wokayika, funso lanu la mageti ine ndiliyankhe ndi makina osokera. Pamene ndimasokera ine, matelala tilipo ambiri moti mlendo atha kuganiza kuti tonse timagona ndi njala. Koma mwa tonsefe, amene angalumikize dzanja la jekete osachita makwinya paphewa sakwana atatu. Amene angakuuzeni kuti bwerani Lachinayi, inu n'kubwera Lachinayi n'kupeza chovala chitasitidwa, mwina awiri. Ndiye kuchuluka kumene mukunenako n'kuchuluka kwa makina, osati kwa amisiri.

Ine ndinayamba mochititsa manyazi. Diresi langa loyamba la kasitomala ndinasoka bwinobwino, mayiyo n'kusangalala. Atangolichapa kamodzi linafupika mpaka m'mawondo, chifukwa nsalu ya thonje ndinaidula osayamba ndainyika m'madzi. Anabwera nalo m'manja, osakalipa, anangoliyala patebulo n'kundiyang'ana. Ndinagula nsalu ina ndi ndalama zanga n'kusokanso. Mayi ameneyo mpaka lero ndimamusokera, ana ake ndiponso anzake a kuntchito. Kuyambira tsiku limenelo ndili ndi kope: dzina, miyeso, tsiku lobwera, dipoziti, tsiku lotenga. Sabata ikadzaza ndimakana ntchito. Anzanga amandiseka kuti ndikuthamangitsa ndalama, koma iwo amalandira zonse kenako n'kumabisala kuseri kwa chitseko kasitomala akabwera.

Wokayika:
Zamveka mayi, koma mwanenanso nokha kuti opambana ndi awiri kapena atatu. Enawo apite kuti?

MayiSingano:
Aphunzire kulumikiza dzanja la jekete.

MphunzitsiWopuma:
Ndaseka yankho la mayiwa. Koma mkangano wanuwu si wa lero, ana anga. Mu 1881, Booker T. Washington, amene anabadwa ali kapolo, anatsegula sukulu ku Tuskegee, m'chigawo cha Alabama ku America. Ophunzira ake ankaumba okha njerwa n'kumanga okha nyumba zophunziriramo, uku akuphunzira ukalipentala, kusoka, ulimi ndi kusula. Iye ankakhulupirira kuti munthu wa luso lofunika anthu adzamufuna basi, kaya amukonde kaya amude. W.E.B. Du Bois, katswiri wa maphunziro wa ku America komweko, anamutsutsa poyera mu 1903. Mfundo yake inali yakuti mukangophunzitsa anthu manja okha, n'kusiya maphunziro apamwamba ndi ufulu wovota, mwawakonzera kukhala antchito a ena mpaka kalekale. Ine ndaphunzitsa zaka zambiri ndipo ndimaona kuti aliyense mwa awiriwa anagwira mwendo umodzi wa nyama imodzi.

Chimene chimandipweteka n'chakuti ife aphunzitsi ndife tinabzala manyazi amene mnyamatayu akumva. Mwana akalephera masamu tinkamuuza kuti, "Iwe udzangokhala kalipentala." Ngati kuti kalipentala sawerengera. Tinasandutsa ntchito zamanja kukhala chilango cha olephera, lero tikudabwa kuti achinyamata akuzithawa.

Ku Switzerland, achinyamata pafupifupi awiri mwa atatu alionse akamaliza sukulu yokakamiza amalowa maphunziro a ntchito. Amakhala pakampani masiku atatu kapena anayi pasabata, tsiku limodzi kapena awiri m'kalasi, ndipo amalandira kangachepe pamwezi. Si dziko losauka limenelo. Sergio Ermotti, amene anadzakhala mkulu wa banki ya UBS, anayamba motero ali ndi zaka 15, monga wophunzira ntchito pabanki ina ku Lugano. Ku Germany nako njira yake ndi yomweyo, ili ndi lamulo lake la mu 1969, ndipo ntchito zovomerezeka zimene munthu angaphunzire mwanjira imeneyi zimapitirira 300. Chinsinsi chake n'chakuti makampani eniake ndi amene amaphunzitsa, ndiye saphunzitsa zinthu zimene sakuzifuna.

Wokayika:
Aphunzitsi, pamenepo mwandithandiza ine. Kumeneko makampani alipo oti aphunzitse. Kumene kulibe makampani, mwana amapita kukoleji ya ntchito zamanja, n'kuphunzira injini pachithunzi, makina a m'kalasi anafa kalekale, n'kutuluka ndi satifiketi. Kusiyana kwake ndi digiri ya mnzathuyu kuli pati? Onse awiri mapepala.

MphunzitsiWopuma:
Pamenepo sindikutsutsani. Luso lokha silitsegula fakitale. Koma mnyamatayu sanafunse mmene tingakonzere chuma cha dziko. Wafunsa ngati apite ku shedi kumene kuli makina amoyo, mmisiri wamoyo ndi makasitomala amoyo. Ambiri amene ali ndi satifiketi akusowa chimenecho.

WolipiraKawiri:
Inu mukuyamikira amisiri, ine ndilankhule monga kasitomala, chifukwa mtima udakali kuwawa. Ndinalemba munthu woika matailosi kubafa. Anabwera ndi levulo yatsopano, kulankhula kokoma, masiku awiri wamaliza. Kuona ndi maso, mwaluso zedi. Chikomekome cha mkuyu. Tsiku loyamba kusamba, madzi m'malo molowera kudzenje anayamba ulendo wopita kuchitseko mpaka m'khonde. Patatha mwezi ndikagogoda tailosi ndi chala ikumveka ngati ng'oma, kusonyeza kuti pansi pake anangoika timadontho ta simenti m'makona, pakati pali mphako. Anayi anasweka. Kumuimbira foni, nambala sikupezeka. Ndinaitana wina, anagumula zonse, ndinagulanso matailosi, kulipiranso.

Wachiwiriyu asanagwire chilichonse anathira madzi pansi n'kuyang'ana kumene akulowera. Anamanga chingwe, kuyeza kutsetsereka, tailosi iliyonse kuipaka pansi ponse ndi chipeso chake chija. Anatenga masiku asanu ndipo anali wodula. Panopa nambala yake ndapatsa anthu asanu ndi awiri. Ndiye iwe LovaWaDigiri, ngati ukupita kukaphunzira kuti pakatha miyezi itatu uzidzitcha mmisiri, chonde khala pakhomo, tavutika mokwanira.

MphunzitsiWopuma:
Nkhani ya matailosi yandikumbutsa. Ku Germany komweko, mu 2004 boma linachotsa lamulo lakuti munthu akhale ndi satifiketi ya ummisiri waukulu, imene amaitcha Meister, asanatsegule bizinesi yake, pa ntchito zokwana 53. Kuika matailosi inali imodzi mwa izo. Mabizinesi a matailosi anachuluka kangapo, ambiri a munthu mmodzi, koma ophunzitsa achinyamata anachepa. Mu 2020 lamulo lija analibwezeretsa pa ntchito 12, ya matailosi ili momwemo. Choncho kulira kwanuku, bambo, n'kwa ponseponse.

SipanalaBoyi:
Akuluakulu mwalankhula, koma palibe wanena za ife amene tili m'kati mophunziramo. Ine chaka chino n'chachinayi ndili pagalaja ina. Zaka ziwiri zoyamba ntchito yanga inali kutsuka zitsulo mu petulo, kunyamula jeke, kugona pansi pa galimoto kumasula mabawuti. Abwana akafika potsegula giyabokosi kapena poika taimingi, ndi pamene amakumbuka kuti ndikawagulire kanthu. Ndikabwera apanga kale. Malipiro palibe, amati ndikukulipira ndi nzeru. Nzeru zake ziti, poti amazibisa? Zambiri zimene ndikudziwa ndaphunzira pa YouTube usiku, n'kumayesa abwana akachoka. Magalimoto a masiku ano ndi a kompyuta, pamafunika kamakina kowerengera vuto. Abwana anga amakanyoza, amati iwo amamva ndi khutu, kenako amasinthitsa kasitomala zitsulo zitatu zabwinobwino asanapeze chimene chafa.

Ndiye mkulu wanga, poti ndi malume ako mwina zikhala bwino, koma chibale pantchito chimapwetekanso. Wachibale salipidwa, amangothokozedwa.

MadalaAChitsulo:
Mnyamatayu sakunama, ndipo ndikuchita manyazi m'malo mwa anzanga. Alipo amisiri amene amaopa kuti mwana akadziwa adzawalanda makasitomala. Ine ndatulutsa anyamata asanu ndi anayi, atatu ali ndi mashedi awo. Ntchito ikandikulira ndimawaitana, iwonso ikawakulira amandiitana. Sindinasauke nazo. Iwe SipanalaBoyi, zaka zinayi zakwana. Funafuna galaja ina kumene akakuyese, usakalambire pansi pa galimoto za munthu.

MphunzitsiWopuma:
Vuto limeneli ndi lodziwika moti mu 2023 msonkhano wa ILO unagwirizana mfundo zokhudza kuphunzira ntchito pamanja pa mmisiri kapena pakampani. Zina mwa izo n'zakuti pakhale mgwirizano wolemba, wophunzira azilandira kenakake, atetezedwe ku ngozi, ndipo pamapeto pake apeze umboni wovomerezeka wa zimene waphunzira. Kwa a Igbo ku Nigeria, mnyamata akatumikira bwana wake zaka zimene anapangana, bwanayo amamupatsa mpamba woti akayambire payekha. Pamenepo wophunzira amadziwa chimene akupirira.

Koma SipanalaBoyi usataye mtima. Soichiro Honda anapita ku Tokyo mu 1922 ali ndi zaka 15 kukaphunzira umakanika pagalaja. Miyezi yoyamba ankasesa ndi kulera mwana wa bwana wake. Anakhalako zaka 6, n'kukatsegula galaja kwawo ku Hamamatsu. Chimene ndimakondera nkhani yake ndi ichi: atayamba kupanga maringi a pisitoni, mwa 50 amene a Toyota anayesa, atatu okha ndi amene anapambana. Manja anali nawo, koma sankadziwa sayansi ya zitsulo. Anabwerera m'kalasi ali bambo wamkulu kukaphunzira zimenezo. Kampani ya Honda inadzakhazikitsidwa mu 1948.

Wokayika:
Honda ndi mmodzi, aphunzitsi. Anyamata amene analera ana a mabwana awo n'kuthera pomwepo ndi mamiliyoni, kungoti palibe analemba mbiri yawo.

MtsikanaWaMagetsi:
A Wokayika mumandisangalatsa, koma simunatiuze kuti mnzathuyu achite chiyani Lolemba likubwerali.

Achimwene a LovaWaDigiri, ine ndinadutsa njira yanu yomweyo. Ndinali ndi dipuloma ya za maakaunti, zaka ziwiri ndili pakhomo. Ndinayamba kutsatira mayi ena amene amaika magetsi a dzuwa, poyamba kungowanyamulira makwerero. Kenako ndinakalowa kalasi yamadzulo mpaka kulemba mayeso a boma a zamagetsi, chifukwa ntchito iyi popanda chilolezo ukhoza kupha anthu ndiponso kumangidwa. Bambo anga anakhala mwezi osandilankhula bwino. Makasitomala ena mpaka lero ndikafika amayang'ana kumbuyo kwanga kudikira mwamuna amene ndabwera naye.

Chimene ndikufuna mumve n'chakuti sukulu yanu sikupita padzala. Ntchito zambiri zimene ndimaitanidwa ndi zokonza zimene ena anaononga, ndipo pafupifupi zonse vuto lake ndi masamu. Munthu waika mapanelo abwino, batire yabwino, koma waya wochokera kubatire kupita ku inveta, chipangizo chosandutsa magetsi a batire kukhala a m'nyumba, waika woonda ngati wa wailesi. Pa mavoti 12, chipangizo cha mawati 1,200 chimakoka maampu 100. Waya woonda pamenepo umatentha mpaka pulasitiki kusungunuka. Ndinakapeza kwina waya utadetsa khoma ndi utsi, fyuzi palibe, ana akugona chipinda chomwecho. Woikayo sanali waulesi ayi, anagwira tsiku lonse padenga dzuwa likuswa mtengo. Sankadziwa kugawa 1,200 ndi 12 n'kumvetsa tanthauzo la yankholo.

Chachiwiri, maakaunti aja ndi amene amandidyetsa. Ndimalemba koteshoni yooneka bwino, ndimapereka lisiti, ndimadziwa kuti phindu langa ndi liti ndipo ndalama ya zipangizo ndi iti. Mabungwe ndi masukulu akafuna munthu, amatenga amene angalembe pepala lomveka. Amisiri ambiri odziwa ntchito kuposa ine amagwa pamenepo.

KalipentalaWakale:
Mwana wamkaziyu wanena zoona zokhazokha. Ine ndinagwa kawiri, osati chifukwa cha manja. Koyamba ndinadya dipoziti. Munthu wapereka ndalama ya matabwa a zitseko zisanu, kunyumba kwagwa vuto, ndatapako. Kuti ndigule matabwa ake ndinadikira dipoziti ya kasitomala wina, ya winayo kudikira ya wachitatu. Ukalowa m'gudumu limenelo sutulukamo, umangosintha njira yopitira kunyumba. Kachiwiri ndinathamangira matabwa osauma chifukwa anali otchipa. Tebulo linatuluka lokongola, vanishi waliwali. Patatha miyezi iwiri linapindika ngati bwato, mipata yolowa chala m'malo olumikiza. Thabwa limauma mwapang'onopang'ono, uliyale pamthunzi, uike timitengo pakati kuti mphepo izidutsa, udikire. Lilibe chisoni ndi changu chako.

Za zida, usadikire kuti udzagule zonse tsiku limodzi. Ine ndinayamba ndi sowo, hamala, tchizulo ziwiri ndi sikweya. Puleni ndinkabwereka. Ntchito iliyonse ikatha ndinkagula chida chimodzi ndisanagule china chilichonse. Ndipo phunzira kunola. Mnyamata akabwera kwa ine, sabata yoyamba amangonola tchizulo pamwala mpaka imete ubweya wa pamkono. Ambiri amathawa sabata yomweyo, ndipo ndimathokoza kuti athawa msanga.

Wokayika:
Chabwino, mwandifunsa za Lolemba. Apite. Sindinanenepo kuti akhale pakhomo. Chimene ndikukana n'chakuti nkhani ya munthu mmodzi tiisandutse mankhwala a dziko lonse, akuluakulu a boma n'kumabisala kumbuyo kwake. Achinyamata pafupifupi mmodzi mwa asanu alionse padziko lapansi sali pantchito, sali pasukulu, sali pamaphunziro a ntchito, ndipo ambiri mwa iwo ndi atsikana. Amenewo alibe malume a shedi. Pamafunika magetsi odalirika, ngongole zoti mmisiri agulire makina, ndiponso kuti boma likamagula madesiki ndi mawindo a masukulu lizigula kwa amisiri a m'dziko momwemo. Tsiku la 15 July chaka chilichonse, limene bungwe la United Nations linakhazikitsa mu 2014 kuti likhale lokumbukira maluso a achinyamata, timamva malankhulidwe okoma. Pa 16 July zonse zaiwalika.

Ndipo iwe mnzanga, makalata ofunsira ntchito usasiye kutumiza.

MadalaAChitsulo:
Apo pokha ndikusiyana nanu pang'ono. Atumize, koma mapanga awiri avumbwitsa. Ndinali ndi mnyamata wina, rodi ili m'manja, khutu lili kufoni kudikira intaviyu. Chaka chinatha osadziwa kuwotcherera choimirira. Ngati akupita, adzipatse chaka chathunthu mtima uli pamenepo.

LovaWaDigiri:
Pepani ndinasowa masiku awiri. Ndawerenga zonse, zina kawiri. Sindinadikire Lolemba, ndinapita Loweruka.

Madala, zimene munanena zinachitika ndendende. Rodi inamatirira kasanu ndi kawiri. Mnyamata wa zaka 17 amene amathandiza malume ankaseka mpaka kugwira m'mimba, kenako anandigwira dzanja n'kundionetsa. Ine wa digiri kuphunzitsidwa ndi mwana amene sanamalize sekondale, ndipo amaphunzitsa bwino kuposa ena amene anandiphunzitsa ku yunivesite. Mzere umene ndinatulutsa unali ngati zitosi za nkhuku. Malume anaumenya kamodzi ndi hamala, zitsulo n'kulekana.

Koma chimene chandigoneka mochedwa ndi china. Masana kunabwera bambo wofuna mawindo asanu ndi limodzi. Malume anayang'ana kumwamba, kuwerengera m'mutu, n'kutchula mtengo. Bamboyo atachoka ndinatenga pepala n'kuwafunsa chimodzichimodzi: zitsulo zingati, marodi angati, madisiki a gulainda, penti, magetsi, kunyamula, malipiro a mnyamata uja. Titaphatikiza tinapeza kuti pa ntchito ya masiku anayi malume atsala ndi ndalama yosakwana kugula paketi imodzi ya marodi. Anakhala chete nthawi yaitali. Kenako anati, "N'chifukwa chake ndimagwira ntchito tsiku lililonse koma makina achiwiri sindigula." Zaka 22 ali pantchito, alibe kope ngakhale limodzi. Anthu amene ali nawo ngongole amawasunga m'mutu, ndipo ena anawaiwala.

Tapangana kuti mmawa ndiziphunzira moto, madzulo ndizikhala ndi mabuku awo. Mawu a SipanalaBoyi ndinawatenga, ndawapempha kuti tilembe pepala: chaka chimodzi, zimene ndiphunzire mwezi ndi mwezi, ndi kangachepe kamene azindipatsa. Anaseka kuti mwana wa mlongo wawo akuwasainitsa, koma asaina. Mayi sindinawauzebe.

MayiSingano:
Auze lero, mwanawe, asamve kwa anthu. Ife amayi timalira tsiku limodzi, mawa lake timayamba kuuza anzathu kuti mwana wanga amapanga mageti.

SipanalaBoyi:
Mkulu, pepala limenelo unditumizireko ndione mmene mwalembera. Ndikufuna ndikalionetse kugalaja ina imene ndikupita kukayesedwa Lachitatu.

WolipiraKawiri:
Zitosi za nkhukuzo zikadzasanduka mamba a nsomba undiuze, ndili ndi geti lofuna kukonza. Zisanasanduke usayerekeze.

LovaWaDigiri:
Ndamva bambo. SipanalaBoyi ndikutumizira madzulo. Madala, funso lina: chigoba chimene ndikugwiritsa ntchito galasi lake ndi losweka pakona, malume akuti zilibe kanthu. Ndigule lotani?

MadalaAChitsulo:
Zili ndi kanthu, malume akowo maso awo anazolowera kuzunzika. Magalasi amenewa ali ndi manambala. Pa ntchito ya rodi tenga nambala 10 kapena 11, ndipo kutsogolo kwake uike galasi loyera loteteza, ndilo lizilandira zothetheka. Magalasi a dzuwa ovala potchena si a ntchito imeneyi. Chitsulo chopakidwa zinki, chotuwa chonyezimira chija, ukamachiwotcherera utsi wake woyera usaupume, usiku umadzamva ngati malungo, choncho uzigwirira panja mphepo ikukankhira utsi kutali. Mgolo kapena thanki imene munakhalapo petulo usaiyandikize moto ngakhale mwiniwake alumbire kuti anaitsuka katatu. Ine ndinaika m'manda mnzanga chifukwa cha thanki yotsuka katatu.

Ndipo Lolemba usavale nsapato za pulasitiki kapena malaya a nayiloni. Chothetheka chikagwera pa thonje chimazima, pa nayiloni chimalowa mpaka pakhungu.

Wokayika:
Ine ndidzakufunsa pakatha miyezi 6 ngati kangachepe kaja akukupatsadi.

LovaWaDigiri:
Mudzafunse achimwene, kope ndikusunga ndine.